A Musataye ndi Mkazi Wopanda Zinyalala

Ngati munayesapo kuponya kanthu kudzala mumsewu wathu uja masiku amenewo, ndiye kuti mawu a malemu a Musataye munawamva. Munthu unkangoti ukweze mkono, chitini chobooka chili m'manja, mawu n'kutulukira kuseri kwa mpanda: "Musataye!" Sankafunika kukuona ayi. Ena ankalumbira kuti mkuluyu ankamva kulira kwa chinthu chisanagwe n'komwe pansi. Dzina lawo lenileni linatha pang'onopang'ono ngati sopo, moti ngakhale ana awo akafunsidwa kusukulu kuti bambo ako ndani, ankayankha kuti a Musataye, aphunzitsi n'kulemba.

Ntchito yawo inali yokonza maambulera, ntchito imene imadyetsa munthu nthawi ya mvula yokha. Miyezi yotsalayo ankapanga anthu. Ankakhala patayala lakale m'munsi mwa khonde, n'kumapinda nthiti za maambulera akufa mpaka zitasanduka mafupa a munthu wotalika kulekeza m'chiuno. Akatero ankamuveka thupi, n'kukamuimika m'mbali mwa mpanda kuti aziyang'ana kumsewu. Zogula ayi, m'sitolo ya utoto sanapondemo chibadwire. Guluu ankachita kusungunula masilipasi oduka m'chitini, fungo lake mpaka agalu kusamukira kumsewu wina. Utoto wofiira ankapera njerwa, wakuda ankasakaniza mwaye ndi oyilo wotha ntchito wa kugalaja. Burashi linali tsitsi losesedwa kwa wometa, lomangiriridwa kumpini wa mswachi, ndipo ankadziwa kuti la mutu wa uje ndi louma, la uje ndi lofewa bwino.

Koma chimene chinawatchukitsa ndi lamulo lawo limodzi. Munthu aliyense ankamupanga ndi zinyalala zake zomwe, osati za mnzake.

"Pakamwa panu mutha kundinamiza," ankatero, "koma ine ndimakafunsa kudzala kwanu."

Tsoka lake, mkuluyu anakwatira mkazi wopanda zinyalala. Mayiwo tinkawatchula kuti a Sichinathe, chifukwa mawu amenewo ndiwo ankadzuka nawo. Ndowa ikabooka, kwa iwo inkasanduka modzala maluwa. Ikathetheka, pansi pake pankakhala modyera nkhuku, chogwirira chake n'kukhala chokolekapo thaulo. Diresi likatha linkakhala siketi ya mwana, siketiyo n'kukhala chopukutira mbale, chopukutiracho n'kukhala chokolopera, chokoloperacho n'kupotedwa kukhala chingwe cha nyali. Chingwecho chikamapsa, mayiwo ankauyang'ana utsi wake ndi diso loti ukanakhala ndi pogwira akanaubweza. Sikuti anali aumbombo. Analera ana ndi maambulera, ndipo munthu amene wadyetsa banja chaka chonse ndi mvula ya miyezi yochepa sataya msomali.

Choncho mpanda unadzaza anthu a mumsewu wonse, koma mwini khomo panalibe. Pamenepo ndi pamene pagona nkhaniyi.

Woyamba kupangidwa anali a telala a pakona, bambo wa magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. A Musataye anakatola kudzala kwawo timawilo ta ulusi, masingano othyoka, mazipi akufa ndi tizidutswa ta nsalu. A Sichinathe akutsuka mbale pafupi ndi thandala lawo, anangoona anthu aunjikana pamsewu akugwa nako kuseka. Chifanizo chinatuluka a telala enieni, khosi lopindikira kutsogolo, singano ili pakamwa. Koma buluku lake mwendo umodzi unali waufupi.

Posakhalitsa eni ake anatulukira, tepi ili m'khosi.

"Achimwene, apa ndiye mwandinyoza," anatero a telala. "Mwendo uwu mwautani?"

"Ndangoonera ili munandisokerali," anayankha a Musataye, akuimirira bwinobwino kuti onse aone. Mwendo wina wa buluku lawo unkasesa pansi, wina unali m'mwamba ngati ukuopa madzi.

Abambo onse amene anali pamsewu anaweramitsa mitu nthawi imodzi, aliyense kuyang'ana miyendo yake.

"Ndi msewu wathuwu," anatero a telala. "Ndi wopendekeka."

Anachoka atakwiya, koma pasanathe sabata anayamba kulondolera makasitomala kuti, "Mukaona ine nditaima pampanda, mudutse, mupeza ine wina pakona." Kuchokera pamenepo iwo ndi a Musataye anali pachinzake cha ponda apa nane ndipondepo.

Amene anatsala pang'ono kutiyambitsira nkhondo anali a mkulu wa mpingo, bambo wa mawu okoma amene sankatha kulonjera munthu osatchulapo kuipa kwa mowa. Kudzala kwawo kunali mbee, ungayale mphasa. Koma m'mawa wina anapezeka ataima pampanda, manja atapinda mwaulemu, atavala jekete lonyezimira ngati mamba a nsomba. Jekete lonselo linali la zitsekerero za mabotolo a mowa. Kukawomba kamphepo linkalira wayawaya, kumveka mpaka kumpopi.

Eni ake anabwera mozemba, akuyang'ana uku ndi uku.

"Izi si zanga, abale," anatero motsitsa mawu.

"Ndazitola kuseri kwa zenera lanu la kuchipinda."

"Amaponya ndi anyamata odutsa."

"Anyamatawo nawonso ali ndi dzino lobenthuka ngati lanuli? Taonani apa pamene analuma. Onaninso apa. Ndi apa."

A mkulu wa mpingo anatseka pakamwa ndi dzanja. Apa m'pamene a Sichinathe anaimirira pathandala paja, dzanja lamanzere m'chiuno, mthiko kumanja utaloza patayala. Ndi mmene ankaimira nthawi zonse akafuna kuwongola amuna awo, ndipo mumsewu monse munalibe mwana amene sankatha kuwatsanzira.

"Inu bambo, mudzatithamangitsitsa pano. Munthu wa ulemu wake mukumuyanika pamsewu ngati chovala?"

"Ine sindichotsa munthu pampanda, mayi," anatero a Musataye. "Koma jekete limasinthika. Akamandibweretsera zitsekerero za zoziziritsa kukhosi zimene amwa okha, ndizichotsa chimodzi n'kuikapo chimodzi."

Tinkayesa nthabwala. Koma madzulo aliwonse a mkulu wa mpingo anayamba kudutsa pampanda, dzanja lili m'thumba, n'kusiya kanthu patayala osalankhula. Jekete linayamba kusintha mtundu kuyambira kukolala, kutsika pang'onopang'ono mpaka m'matumba. Nthawi ina linaima mwezi wathunthu osasintha, msewu wonse n'kukhala ndi nkhawa. Tsiku limene chitsekerero chomaliza cha mowa chinachoka, akazi a mkulu wa mpingoyo anabwera okha, anagwira a Musataye dzanja ndi manja awiri. A Musataye manyazi anawagwira, anangofunsa ngati kunyumbako kulibe ambulera yakufa.

Kuyambira pamenepo anthu anayamba kuganiza kawiri asanataye kanthu. Ena ankakataya kudzala kwa anzawo, n'kukapezeka kuti anzawowo atayanso kwawo. Bambo wina wa muofesi ankanyamula zinyalala zake m'chikwama kukataya kuntchito. Msewu wathu unayera moti alendo ankafunsa ngati kukubwera wamkulu wina wake.

Nanga a Sichinathe? Sikuti amuna awo sanayese. Tsiku lina mayiwo pochokera kumsika anapeza chinthu chatsopano chitaima pampanda, chikuwayang'ana ndi sefa yawo.

"Sefa yanga ikutani apo?"

"Ndi nkhope yanu, mayi. Inabooka."

"Kabowo kamodzi. Sinathe."

Anaizula pomwepo, anakaisoka ndi ulusi wa thumba, chifanizo n'kutsala chopanda mutu. M'mawa mwake anadzatenga mkono, chifukwa unali mthiko wothyoka umene ankasonkhezera moto. Kenako anadzatenga phazi, chifukwa chinali chivundikiro chimene ankatsekera bowo la makoswe. Posakhalitsa panangotsala waya, ndipo wayayo anayanikapo masokosi. A Musataye anayesanso kangapo, mpaka anafika pomabisa zinthu m'denga, koma mayiwo ankadziwa katundu wa m'nyumba mwawo ngati mmene nkhuku imadziwira anapiye ake. Mapeto ake mkulu uja anagwira njakata, anasiya.

Pakamwa a Sichinathe ankati zidole ndi za ana, iwo alibe nazo nthawi. Koma mumtima zinkawapweteka, ndipo zinkawapweteka kwambiri. Mlendo aliyense akafika ankayenda m'mbali mwa mpanda akutchula anthu mmodzimmodzi, akafika kumapeto n'kutembenuka: "Nanga mayi a pakhomo pano ali pati?" Iwo ankaseka nawo, n'kulowa m'nyumba kukasuntha mapoto amene sanalakwe kanthu. Chimene chinawamaliza ndi tsiku limene anamva amayi ena kumpopi akunong'onezana kuti ngakhale galu wa ogulitsa nyama anapangidwa, ndi mafupa amene anasiya yekha komanso nsapato zimene anatafuna. Galu ali pampanda, mkazi wa m'nyumba palibe.

Tsiku limenelo anavala zilimbe. Anatenga kapu yawo yachitsulo, yabwinobwino, yopanda ngakhale kachilema. Anapita nayo kudzala, anatsokomola kuti amuna awo amve, anatsinzina, n'kuiponya. Kuseri kwa mpanda kunali zii. Anabwerera m'nyumba akucheukacheuka ngati munthu amene wasiya mwana m'basi.

Patapita kanthawi anamva kugogoda. A Musataye anali ataima pakhomo la nyumba yawo yomwe, kapu ili m'manja, yotsukatsuka.

"Mwagwetsa kapu, mayi."

"Sindinagwetse. Ndataya."

"Iyi ndi yamoyo. Ine sindipha zinthu, ndimatola zimene zafa zokha."

"Ndiye ndiiboole?"

"Boolani."

A Musataye anawapatsa msomali ndi hamala. A Sichinathe anaivundikira kapu ija pansi, anaimika msomali, anakweza hamala. Anakhala choncho mkono uli m'mwamba mpaka unayamba kuwawa. Kenako anatsitsa hamala pang'onopang'ono, anatola kapu, anaipukuta ndi nsonga ya nsalu yawo.

"Ikadamwetsa anthu iyi," anatero, n'kukaibwezera pamalo pake.

A Musataye anaseka mpaka kukhala pansi, anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwa. Mayiwo sanaseke. Anazungulira kuseri kwa nyumba ngati akukaona nkhuku, ndipo kumeneko analira pang'ono, okhaokha, akudzikwiyira kuti akulirira chidole.

Chifuwa chija tonse tinkachiyesa cha utsi wa masilipasi, koma chinakana kuchoka. Chaka chotsatira a Musataye anayamba kuchepa m'malaya. Kuchipatala anapita, mankhwala anamwa, koma manja amene ankapinda waya ngati udzu anayamba kunjenjemera. Mawu akuti "Musataye" ankatulukabe, kungoti tsopano unkachita kutchera khutu. Anthu ena ankaponya dala zinthu pafupi ndi mpanda, mwaphokoso, kuti amve ngati mkulu uja akadalipo.

A Sichinathe ankaona zonsezi, ndipo ankadziwa kuti nthawi yawathera. M'mawa wina anawayang'ana amuna awo ali patayala paja, atafunda bulangete dzuwa lili phwee. Anafuna kunena kuti, "Nanga ine, bambo?" Koma munthu amene wakhala moyo wonse akunena kuti safuna chinthu, pakamwa pamauma. Dzanja linapita lokha m'chiuno, mthiko unaloza patayala, ndipo chimene chinatuluka ndi china.

"Zaka zonsezi mwakhala mukupangira anthu a eni zidole. Simungandipangireko ine chinthu chimodzi chogwira ntchito? Thandala langali ladyedwa ndi chiswe."

A Musataye anawayang'ana nthawi yaitali, diso limodzi atatsinzina. Kenako nkhope yawo yowondayo inayamba kuwala.

"Tabwerezani."

"Ndati thandala. Kodi matendawa alowanso m'makutu?"

"Ndamva, mayi. Ndamva bwino lomwe."

Ntchito imeneyo inawatengera nthawi kuposa ina iliyonse. Anatulutsa nthiti za maambulera zimene ankasunga kuti ndi zapamwamba, anamasula mawaya a bedi lakale, anapempha a telala kuti aziwagwirira popinda. Tsiku lililonse chiwiya chimodzi chinkasowa kukhitchini. Mayiwo akatuluka ndi mkwiyo ankapeza amuna awo akuchiyeza ndi kachingwe.

"Ketulo yanga."

"Ndangobwereka. Nayi."

"Mthiko wanga."

"Ndabwereka. Nawu."

Chimene chinatuluka pamapeto pake sichinkaoneka ngati thandala, komanso sichinkaoneka ngati munthu. Chinali chitsulo choimirira chotalika ngati munthu wamkulu, chopanda mutu, chopanda manja, chongokhala ndi mphete zazikulu ndi zazing'ono komanso timbedza uku ndi uku, ngati mtengo wouma umene mphepo inaupotokola. A telala ndiwo anakumba dzenje, a Musataye ali patayala akulamula: sunthani pang'ono, tembenuzirani kuno, ayi mwapitirira. Anawavutitsa mpaka magalasi anachita nthunzi.

A Sichinathe anachizungulira kamodzi.

"Thandala lanji lopanda poyala mbale?"

"Chilichonse chili ndi pake, mayi. Chikakana musachikakamize, chiyeseni pena."

Mtima unawawawa. Mphamvu zomaliza za amuna awo zinathera pa chinthu chopanda mutu ndi mchira, ndipo iwo pampanda panalibebe. Anangotenga njerwa, n'kukachirikiza thandala lakale lija.

"Lija lathyoka?" ankafunsa a Musataye masiku otsatira, pamene anali atasiya kutuluka panja.

"Silinathe."

"Chabwino. Ndidikira," ankatero akumwetulira.

Koma sanadikire. Anatisiya m'mawa wina mitambo ya mvula yoyamba itangoyamba kusonkhana, nthawi imene anthu amakumbukira kuti ali ndi maambulera othyoka.

Zonse zitatha, mwana wawo wamwamuna amene amakhala kutali anati pabwalo payeretsedwe. Sanali mwana woipa, ankangofuna kuti mayi ake asamapunthwe pa mawaya. Anaitana ogula zitsulo zakale, ndipo anabwera ndi ngolo ndi sikelo yawo. Koma asanakoleke n'komwe sikeloyo, a telala anatulukira pachipata.

"Ndadzatenga zinyalala zanga," anatero.

"Zanu ziti, bambo?"

"Izo zavala buluku lopendekekazo. Ndinataya molakwitsa."

Kumbuyo kwawo kunali a mkulu wa mpingo, ndipo anabereka chifanizo chawo kumsana ngati mwana, jekete likulira msewu wonse, iwo osachita manyazi ngakhale pang'ono. Kunabwera wometa, kunabwera amayi a kumpopi aja, kunabwera bambo wa muofesi amene ankayesa kuti anazemba koma anapangidwa ndi zimene zinkagwa m'chikwama. Ogulitsa nyama ananyamula awiri, iwo ndi galu. Dzuwa lisanafike pamutu mpanda unali mbee. Ogula zitsulo anayang'anayang'ana, maso awo n'kugwera pa chinthu chamawaya chija.

"Nanga ichi, mayi? Chikuoneka kuti chinatha ntchito."

"Chisiyeni," anatero a Sichinathe. "Sichinayambe n'komwe."

Anakana chifukwa cha chizolowezi chabe. Madzulo ake anakhala pakhonde akuyang'ana mpanda wopanda kanthu. Aliyense mumsewu anapita kwawo atanyamula chake chimene mkulu uja anamusiyira. Iwo, amene anamuphikira ndi kumuchapira moyo wonse, anatsala ndi tayala ndi mawaya. Sanadandaulire munthu, koma anaona ngati awaiwala.

Mvula itabwera inabwera ndi mphamvu, ndipo m'mawa mwake thandala lakale linapezeka lili gadaa m'matope. Mayiwo anatola mtengo umodzi, unangofumbutuka m'manja. Anatola wina, chimodzimodzi. Anaimirira, n'kunena mawu amene palibe anawamvapo pakamwa pawo.

"Latha."

Ananyamula zidutswazo kupita nazo kudzala. Atakweza mkono anaima kaye, akudikira. Kunalibe woletsa. Anaponya.

Ziwiya zinali zotsuka kale, ndipo pansi panali matope okhaokha. Anapita nazo pa chinthu chamawaya chija akung'ung'udza. Anayesa kulowetsa beseni pamphete ya pamwamba, linakana. Analiyesa pa yapakati, linangokhala khathi ngati linabadwira pomwepo. Poto wamkulu analowa pamwamba pa beseni, chadodolido. Sefa inakana paliponse mpaka anaikweza pamwamba penipeni. Ketulo inakakhala kumanzere, chogwirira chake chitapindikira pabeseni. Mthiko unali ndi kamphako kake kumanja, ndipo utalowa unatsala utatuluka kunja. Timasupuni tiwiri tinalendewera uku ndi uku m'mbali mwa sefa. Nsalu yopukutira mbale inapeza kambedza pamwamba pa sefa, thaulo lonyowa linapeza timbedza m'munsi mwa beseni. Inatsala kapu yachitsulo ija. Anaiyesa apa, anaiyesa apo, mpaka inakakoleka kutsogolo kwa poto, chakumanzere pang'ono.

"Koma ndiye ntchito," anatero. "Kuyanika mbale ngati ukulemba mayeso."

Anatenga ndowa, anapita kukakhuthula madzi kuseri kwa chitseko. Ali chiweramire anamva a telala akudutsa pamsewu.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu?" anayankha akuweramuka.

A telala anadzidzimuka. Sankayang'ana kumene kunachokera mawu. Ankayang'ana pathandala. Anatembenukira kwa mayiwo, anabwereranso kuthandala, anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Kenako anavula chipewa.

"Mwatani kodi, a telala?"

"Mayi, takhalani patayalapo."

"Ine sindikhala pamenepo."

"Khalanipo kamodzi kokha. Paja amuna anu anandivutitsa potembenuza chinthuchi, ndimayesa ndi matenda."

Chimwalirire amuna awo, a Sichinathe ankalilambalala tayala lija. Tsiku limenelo anapita, anakhalapo mosamala, n'kukweza maso.

Patsogolo pawo panaima mayi wovala mpango kumutu ndi ndolo m'makutu, mutu utapendekeka pang'ono, dzanja lamanzere lili m'chiuno, mthiko kumanja utaloza patayala penipeni. Ngakhale pamene anasoka sefa ndi ulusi wa thumba paja panagwera pakamwa, pakamwa pa munthu amene watsala pang'ono kunena kuti "Inu bambo." Ziwiya zinkadontha madzi, dzuwa likuwala pa kapu ya pachifuwa ija. Panalibe chinyalala ngakhale chimodzi. Chilichonse chinali chamoyo, chinali choti masana omwewo chikagwira ntchito. Umu ndi mmene mkulu uja ankawaonera m'mawa uliwonse ali pamalo pomwepa, ndipo zikuoneka kuti sankatopa nazo.

Misozi inayenderera, iwo osaipukuta. Anakumbukira mawu aja akuti "Ndidikira," ndi njerwa zimene anachirikizira thandala lakale, ndipo zinawapweteka. Koma chimene chinadzaza mtima wawo kwambiri chinali kuthokoza. A telala anangoima pachipata, chipewa chili m'manja.

Pamapeto pake mayiwo anamina, anaweramira pang'ono kutayala limene anakhalira, n'kulisisita.

"Chiuno mwakulitsa, bambo," anatero.

Masiku ano msewu wathu wayambanso kuda, monga misewu ina yonse. Fungo la masilipasi linatha, agalu anabwerera. Maambulera akathyoka timangogula ena. Komabe ukayang'anitsitsa uona munthu wamkulu ndithu atakweza mkono pamwamba pa dzala, n'kuima kaye kamphindi ngati wina wamuitana, asanaponye. Zifanizo zija zili m'makonde mwathu, ndipo a mkulu wa mpingo chawo amachipukuta ndi mafuta.

Pakhomo paja ndiye pamakhala amayi awiri m'mawa uliwonse, ndipo odutsa amalonjera onse. Dzuwa likakwera mmodzi amaphwasula mnzake, kuyambira mthiko, n'kulowa naye kukhitchini. Mawa lake amamumanganso. Mwana wawo uja anawabweretsera beseni latsopano, lokongola, koma linakana kulowa pamphete, ndipo mpaka lero lili pansi pa bedi. Akamaliza kuyanika, a Sichinathe amapukuta manja, amapita patayala paja ndi tiyi wawo, n'kukhala pansi kuti mnzawo wa pathandala uja awakalipireko pang'ono.